Layisensi ya unamwino ili m'manja koma foni ili zii: zochita pofuna ntchito yoyamba

Izi ndikulembera inu amene mwamaliza kumene sukulu ya unamwino, mayeso a bungwe loyang'anira anamwino munakhoza bwinobwino, layisensi ili m'manja, koma foni ili zii. Makalata mwatumiza, ena pa imelo ena kukasiya nokha ku ofesi, ngakhale kayankho koti talandira kokha palibe. Mukadzuka m'mawa choyamba ndi foni, usiku musanagone foni yomweyo. Ndiye pakapita miyezi kamawu kaja kamayamba m'mutu, eti mwina ine ndine mbuli, mwina mayeso aja ndinangokhoza mwamwayi, mwina anzangawa akudziwa zomwe ine sindikudziwa. Kamawu kameneka ndimakaopa kuposa ulova weniweniwo chifukwa kamakutsatirani mpaka m'chipinda cha intaviyu, tsiku lomwe mwayi wapezeka inu mumakafika mutagonja kale. Ndawaonapo ana anzeru, a manja abwino pa wodwala, atangozyolika pamaso pa panelo mawu osatuluka. Zimandipweteka kwambiri, nchifukwa chake ndati ndilembe.

Muyambe mwamvetsa chomwe chikuchitika

Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lomwe linatuluka mu 2025 linati mu 2023 padziko lonse panali anamwino 29.8 miliyoni, ndipo ankaperewera ndi 5.8 miliyoni. Mukamva zimenezo mutu umazungulira, kuti nanga ngati anamwino akuperewera choncho ine ndikukhaliranji pakhomo? Nkhani yake ndi yakuti kufunika kwa namwino mu wodi ndi nkhani ina, kupezeka kwa ndalama yomulipira ndi nkhani inanso. Sista woyang'anira wodi atha kumadandaula tsiku ndi tsiku kuti tachepa, odwala achuluka, koma iyeyo mphamvu yolemba munthu ntchito alibe. Post imatsegulidwa pokhapokha bajeti yavomera, ndipo m'mayiko angapo masukulu akutulutsa manesi mwachangu kuposa momwe ma post akutsegulidwira.

Post imodzi ikangolengezedwa makalata amabwera mulu. Amene amayamba kuwasankha nthawi zambiri si namwino nkomwe, ndi munthu wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, ali ndi kamndandanda kake patsogolo: kopi ya layisensi ilipo? Satifiketi ilipo? Ma referee alembedwa? Yafika tsiku lotsekera lisanakwane? Chikasowa chimodzi kalata ija imapita pambali, palibe amene wawerenga kuti ndinu wakhama bwanji. Ndiye chete wa foniyo sakukuuzani kalikonse za luso lanu pa bedi la wodwala, poti palibe amene wakuonani mukugwira wodwala. Ichi chisungeni pamtima, chifukwa zonse zomwe ndinene m'munsimu zikutsamira pamenepa.

Kudzikayikira kulipo kwamitundu iwiri, musakusokoneze

Apa ndiye ndichedwapo. Tengani kope ndi cholembera, khalani panokha, mulembe chilichonse chomwe chimakuchititsani nthumanzi mukaganiza zoyamba ntchito. Lembani mosabisa, palibe amene awerenge. Mukatero muona kuti zomwe mwalembazo zagawikana pawiri.

Zina ndi zogwirika, mungaziloze ndi chala. Sindimadzidalira powerengera mankhwala a ana. Kuika kanyula pa mtsempha wosaoneka ndimanjenjemera. Dokotala akandifunsa za wodwala pa foni mawu amandibalalika. Mantha amenewa ndi abwino, ndi omwe amateteza odwala, ndipo mankhwala ake ndi kuyeserera basi. Zina ndi zija zosagwirika, ndine wachabechabe, sindidzapeza ntchito, aliyense amandiposa. Izi ngakhale muwerenge buku lonse la pharmacology sizichoka, chifukwa sizikunena za luso lililonse, ndi kutopa ndi manyazi zomwe zikulankhula. Vuto limabwera pomwe munthu wasakaniza ziwirizi, kamodzi kokha wakanika kuwerengera dripu pamaso pa anzake ndiye wagamula kuti unamwino wonse si wake.

Zogwirikazo yambani kuzigwetsa chimodzichimodzi, ndipo yambani ndi masamu chifukwa ndi omwe amagwetsa ambiri ku intaviyu. Njira yake ndi yomweija ya ku sukulu, zomwe zalembedwa kugawa ndi zomwe muli nazo, kuchulukitsa ndi madzi omwe mankhwalawo alimo. Dokotala walemba gentamicin 60 mg, kabotolo kali ndi 80 mg mu 2 ml, ndiye 60 kugawa ndi 80 kuchulukitsa ndi 2, mupereka 1.5 ml. Mwana wa makilo 12 akufunika paracetamol pa 15 mg pa kilo, imeneyo ndi 180 mg, sirapu wanu ndi wa 120 mg mu 5 ml, ndiye 7.5 ml. Dripu ya 1000 ml ithe pa maola 8 ndi giving set (kachubu ka dripu) ya madontho 20 pa ml, ndiye 1000 kuchulukitsa ndi 20 kugawa ndi mphindi 480, madontho pafupifupi 42 pa mphindi. Mungowerenga apa nkumati ndikudziwa kale ayi, tsekani foni muchite nokha papepala, mawa musinthe manambala muchitenso. Masamu angapo tsiku lililonse m'mawa mutu usanatope, pakutha mwezi mudzadabwa kuti mantha aja anapita liti.

Chimodzimodzi zina zomwe zimaiwalika munthu akakhalitsa pakhomo. CPR (kutsitsimutsa munthu amene mtima wake waima) ya wamkulu, kukanikiza chifuwa ka 30 nkupereka mpweya kawiri, liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi, kuzama kwake 5 mpaka 6 cm. Kapumidwe ka wamkulu 12 mpaka 20 pa mphindi, kugunda kwa mtima 60 mpaka 100. Nthawi zisanu zosamba m'manja zomwe WHO imaphunzitsa. Luso lili ngati mpeni, mukangouika pakona osaugwiritsa ntchito umachita dzimbiri, koma dzimbirilo limachoka ndi kunola, sikuti mpeniwo watha ntchito.

Tsono zosagwirika zija. Mudziwe kuti simuli nokha ndipo si zachilendo, zinafufuzidwa kalekale. Mu 1978 akatswiri awiri a zamaganizo, Pauline Clance ndi Suzanne Imes, analemba za amayi ophunzira bwino, ochita bwino pa ntchito zawo, amene mumtima ankakhulupirira kuti anangopusitsa anthu ndipo tsiku lina adzagwidwa. Mapepala anali nawo, umboni unalipo, koma sankaukhulupirira. Ndipo ku mbali ya unamwino kwenikweniko, Patricia Benner mu 1984 anafotokoza masitepe asanu omwe namwino amadutsamo kuchoka pa wongoyamba kufika pa katswiri. Womaliza kumene sukulu amakhala cha pa sitepe yachiwiri, ndipo kuti afike pa yachitatu, pomwe amatha kukonza tsiku lake la mu wodi modzidalira, zimatenga zaka ziwiri kapena zitatu akugwira ntchito ya mtundu umodzi. Zaka, abale, osati masabata. Ndiye mukamadziyerekeza ndi sista uja munkamusirira ku ma placement (nthawi yophunzira ntchito mu wodi muli pa sukulu), amene amangoyang'ana wodwala ali pakhomo nkudziwa kuti uyu zinthu zasintha, mukudzilakwira. Iyeyo diso limenelo sanatuluke nalo ku sukulu, odwala ambirimbiri ndi omwe anamupatsa. Ndipo olemba ntchito amadziwa zimenezi, akaitana wongomaliza sukulu sakuyembekezera katswiri.

Kamawu kaja kakabwera musakangane nako, kafunseni funso limodzi, chenicheni chomwe sindikutha ndi chiyani? Kakatchula chinthu, chilembeni mu kope muja mukachiphunzire. Kakakanika kutchula, dziwani kuti mwatopa, mwina simunagone bwino, mwina mwachedwa pa Facebook kuona zithunzi za anzanu atavala yunifomu yatsopano.

CV ndi kalata

CV ya wongomaliza sukulu isapitirire masamba awiri. Pamwamba dzina, foni, imelo, ndipo pompo nambala ya layisensi yanu ndi tsiku lomwe ikutha, munthu asachite kusakasaka. Imeloyo ikhale ya dzina lanu lenileni, maina achibwana aja munatsegulira muli ku sekondale asiyeni a macheza.

Chomwe chimapha ma CV ambiri ndi mawu omwe aliyense amalemba. Ndine wakhama, ndimagwira bwino ntchito ndi anzanga, ndimakonda odwala. Wowerengayo waona mawu omwewo pa makalata onse omwe ali pa tebulo lake, sawaonanso nkomwe. Inu mumati mulibe experience, koma zaka zonse zija munali kuti? Ma placement ndi ntchito yomwe munagwira ndi manja anu, alembeni bwinobwino. Wodi iti, masabata angati, munachita chiyani. M'malo mongolemba kuti wodi ya ana, lembani kuti munkaika kanyula, munkawerengera mankhwala potengera kulemera kwa mwana, munkayang'anira ana omwe ali pa okosijeni, munkaphunzitsa makolo kaperekedwe ka mankhwala kunyumba. Logbook yanu ija itulutseni, zonse zili momwemo, ndipo mukamaiwerenga muona nokha kuti zomwe munachita nzambiri kuposa momwe mumakumbukira. Bodza lokha musayerekeze. Mukalemba kuti mumatha chinthu chomwe munangoonerera, panelo idzakufunsani pomwepo, ndipo ikapanda kukufunsani wodi idzakufunsani, apo ndiye wovutika ndi wodwala.

Kalata yofunsira ntchito musakhale ndi imodzi yotumiza paliponse. Werengani chilengezo chawo mwachifatse, onani zomwe akufuna, muyankhe zimenezo ndi mawu awo omwewo. Akafuna namwino wa ku kliniki ya matenda a shuga ndi BP, kambani za nthawi yomwe munagwira ndi odwala amenewo, za ku labour ward zisiyeni kaye. Zimatenga nthawi inde, koma makalata ochepa olunjika amaposa ambirimbiri ongomwaza. Ndipo chonde onetsetsani dzina la chipatala pamwamba musanatumize, kalata yopita kuno koma yotchula chipatala china imathera pompo.

Zonse ziikeni mu PDF, zosikanidwa bwino zowerengeka, osati chithunzi cha foni chopendekeka chokhala ndi mthunzi wa dzanja lanu. Fayilo ipatseni dzina lanu. Akati ma kopi akhale otsimikizidwa, atsimikizeni. Ma referee muwapemphe kaye musanawalembe, makamaka mphunzitsi amene ankakuonani mu wodi ndi sista woyang'anira wodi yomwe munachita bwino, ndipo nthawi iliyonse mukaapulaya auzeni kuti mwina alandira foni. Referee amene wadzidzimutsidwa nkumafunsa kuti mukunena ndani amakugwetsani osadziwa.

Kumbuyo kwa kope lija lembani komwe mwatumiza, tsiku, ndi tsiku lotsekera. Tsiku lotsekera likadutsa ndi masabata angapo palibe cholakwika kuimba kapena kulemba mwaulemu kufunsa ngati asankha kale. Foni ikhale yoyaka, ndipo nambala yachilendo muziyankha ndi mawu aulemu, anthu ena mwayi unawadutsa chifukwa chosayankha nambala yomwe sakuidziwa.

Kumene mukuyang'ana

Ambiri maso amakhala pa chipatala chachikulu cha mu mzinda, komwe aliyense akufuna, ndiye mpikisano wake ndi woopsa. Koma anamwino amafunikanso m'zipatala zing'onozing'ono zakutali, m'makliniki a makampani, m'masukulu ogonera komweko, m'malo osamalira okalamba, ku dialysis (kosefa magazi a odwala impso), kosamalira odwala kunyumba, ku mabungwe otolera magazi, ku ma project a kafukufuku omwe amafuna namwino wotenga magazi ndi kutsatira anthu omwe alowa mu kafukufuku. Kontirakiti ya miyezi ingapo kapena ma locum (kugwirizira malo a namwino wina kwakanthawi) musazinyoze, zimakupatsani referee watsopano ndiponso mzere wina pa CV. Ine maganizo anga ndi akuti kachipatala kakutali kamaphunzitsa mwachangu chifukwa mumaona zonse, bola pakhale wamkulu woti muzimufunsa. Kukalowa malo oti ndinu nokha namwino, tsiku loyamba lomwe, popanda wokuyang'anirani, kumeneko ganizani kawiri ngakhale ndalama ikukoka.

Ntchito yoyamba simanga moyo wanu wonse. Amene mtima wake uli ku theatre kapena ku ICU atha kuyambira ku wodi wamba nkudzasuntha pambuyo pake, ndipo adzafikako ali wokhwima.

Anthu nawonso musawathawe. Ulova umachititsa manyazi, munthu umayamba kubisala, kutuluka mu gulu la WhatsApp la kalasi, kuzemba aphunzitsi akale. Chonsecho ma post ambiri amamveka kudzera mwa anthu omwewo asanafike patali. Lemberani mphunzitsi wanu uja kauthenga kachidule, kuti ndikadafunafuna, mukamva kanthu mundikumbukire. Uku sikupempha kuti akulowetseni pakhomo lakumbuyo, ndi kungodziwitsa anthu omwe amadziwa ntchito yanu kuti mulipo.

Tsiku la intaviyu

Chomwe panelo ikufuna kwa wongomaliza sukulu ndi chimodzi chachikulu, kodi munthuyu tikamusiya ndi odwala athu akhala otetezeka? Mafunso onse amazungulira pamenepa. Sakufuna wodziwa zonse, akufuna amene amadziwa kuona ngozi, amadziwa poyambira, ndiponso amadziwa nthawi yoitana thandizo.

Tiyerekeze akufunsani chonchi. Wodwala wabwera kuchokera ku theatre maola angapo apitawo, mwamupeza ali thukuta, manja ozizira, pulse 120, BP 85/50, mutani? Apa ambiri amathamangira kutchula dzina la vuto kenako chete, kapena amangoti ndiitana dokotala basi. Pumani kaye, kenako yendani ndi ndondomeko ya ABCDE (njira ya mpweya, kapumidwe, kayendedwe ka magazi, kuzindikira kwake, thupi lonse) mokweza mawu ngati wodwalayo ali patsogolo panu. Ndimuitana dzina, akayankha bwino ndadziwa kuti njira ya mpweya ndi yotseguka. Pomwepo ndiitana mnzanga adzandithandize, wodwala sindimusiya yekha. Ndiwerenga kapumidwe, ndiona okosijeni m'magazi, ndimupatsa okosijeni ngati akufunika. Manambalawa akundiuza kuti mwina akutaya magazi, ndiye ndiona bala, ndiona ma drain, ndiona pansi pake pa bedi poti magazi amabisala kumsana, ndionetsetsa kuti kanyula ikuyenda ndipo ndiika ina yaikulu, madzi a m'mitsempha ndiyamba molingana ndi malamulo a chipatala. Ndiona ngati akuzindikira bwino, ndiyeza shuga. Ndivundukula ndione thupi lonse, mimba ngati yatupa, mkodzo watuluka wochuluka bwanji. Dokotala ndimuimbira mwa njira yoperekera lipoti yotchedwa SBAR, chikuchitika ndi ichi, mbiri yake ndi iyi, ndapeza izi, ndikupempha mubwere tsopano lino. Ndipitiriza kuyeza pafupipafupi ndipo zonse ndilemba ndi nthawi yake. Mukayankha choncho, ngakhale mawu akunjenjemera, panelo yaona namwino.

Funso lina lomwe limabwerabwera ndi loti mwazindikira kuti mwapereka mankhwala olakwika, mutani? Yankho limayambira pa wodwala, muone ali bwanji, mumuyeze, kenako muuze woyang'anira ndi dokotala nthawi yomweyo, mulembe zomwe zachitika moona, mudzaze fomu ya ngozi. Amene wayankha kuti ine sindingalakwitse wagwa pomwepo. Konzekeraninso za wodwala wokana mankhwala, za wachibale yemwe akufuna kudziwa matenda a wodwala popanda chilolezo chake, za kusemphana maganizo ndi mnzanu wa pa shifiti, ndi za odwala angapo omwe akukufunani nthawi imodzi kuti muyamba ndi uti.

Akati tiuzeni nthawi yomwe munakumana ndi vuto, musayankhe za m'malere. Sankhani nkhani imodzi yeniyeni ya ku placement, nenani zinali bwanji, udindo wanu unali wotani, inuyo munachita chiyani, zinatha bwanji. Dzina la wodwala osatchula. Ndipo muzinena kuti ndinachita, chifukwa anamwino timakonda kubisala mu tinachita, ndiye panelo imasowa kuti mbali yanu inali iti. Nkhani zitatu kapena zinayi zotere mukazikonza zimayankha mafunso ambiri.

Nanga akafunsa chomwe simukuchidziwa? Nenani kuti chimenecho sindikuchidziwa bwino, ndikanakhala mu wodi ndikanayang'ana mu buku la malangizo kapena kufunsa wamkulu wanga ndisanachite kalikonse. Yankho limeneli si kugonja. Namwino woopsa ndi amene amanamizira kudziwa, ndipo aliyense wokhala pa panelo anakumanapo naye munthu wotere, sakufuna winanso.

Zonsezi muziyeserera ndi pakamwa, osati mumtima. Mumtima tonse timayankha bwino. Pezani mnzanu wa m'kalasi, wina akhale panelo wina ayankhe, kenako musinthane, kapena dzijambuleni pa foni mudzimvere. Koyamba zimachititsa manyazi koma ndi pomwe mumamva kuti mukuthamanga, mukumeza mawu, mukubwereza eeh eeh. Werenganinso za chipatalacho, chimathandiza odwala amtundu wanji, chili ndi mawodi ati, kuti akafunsa chifukwa chomwe mwasankhira kuno musangoti ndikufuna ntchito. Mapepala enieni mu fayilo, zovala zaukhondo, fikani nthawi ikadalipo kuti mtima ukhazikike.

Mukakanidwa, lirani ngati misozi yabwera, si mlandu. Koma tsiku lomwelo mafunso akadali m'mutu alembeni onse mu kope, ndi momwe munayankhira. Pambuyo pake pemphani mwaulemu kuti akuuzeni pomwe mungakonze. Ena sayankha, ena amayankha, ndipo amene wayankha wakupatsani chinthu chogwirika choti mukonze. Kufika pa intaviyu kokhako ndi umboni woti mapepala anu akuyenda bwino, chatsala ndi pakamwa.

Kugwira mongodzipereka, akamberembere, ndi za kunja

Kudzipereka popanda malipiro kumathandiza kuti manja asaiwale ndiponso kuti anthu akuoneni. Koma khalani maso, chifukwa malo ena amazolowera kugwiritsa ntchito anamwino aulere mpaka osaonanso chifukwa chotsegulira post. Ngati mwasankha kutero pakhale kalata yochokera kwa akuluakulu a chipatala, yonena kuti mukuloledwa, wokuyang'anirani ndi ndani, muzibwera masiku angati, ndipo zithera liti. Layisensi ikhale yosatha nthawi, chifukwa chinthu chikalakwika funso loyamba lidzakhala limenelo. Siyaninso masiku ena a kuapulaya, musatope ndi ntchito yaulere mpaka kuiwala kufuna yolipidwa.

Munthu wosimidwa ndi amene akamberembere amamufuna. Aliyense wokuuzani kuti tumizani ndalama kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda, kapena ya fomu, kapena ya yunifomu musanasaine kalikonse, ameneyo ndi wakuba. Chilengezo chomwe mwachiona pa WhatsApp chitsimikizeni poimba ku chipatalacho pa nambala yomwe mwaipeza nokha, osati yomwe ili pa chilengezocho. Ndipo wina akayerekeza kupempha thupi lanu posinthana ndi ntchito, sungani mauthenga ake mukanene, vuto si inu ndipo simunalakwe kalikonse.

Za kunja nazo zimakoka, ndipo sindikuletsani, kungoti mudziwe njira yake yeniyeni. Ku UK muyenera kulembetsa ndi bungwe loyang'anira anamwino la NMC, kukhoza mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, kenako mayeso a pa kompyuta otchedwa CBT ndi a manja otchedwa OSCE. Ku America mayeso ake ndi NCLEX. Komanso mu 2023 WHO inatulutsa mndandanda wa mayiko 55 omwe ali ndi vuto lalikulu la kuchepa kwa ogwira ntchito zaumoyo, ndipo malamulo a UK saloleza ma agent kukasaka anamwino m'mayiko amenewo, ngakhale munthu payekha amaloledwa kuapulaya mwachindunji. Ndiye agent akakulonjezani zonse mwachangu bola mulipire, yambani mwaona ngati dziko lanu lili pa mndandandawo, ndipo muwerenge nokha pa tsamba la bungwe lolembetsa anamwino la dziko lomwe mukufuna kupitalo.

Kudzisamalira podikira

Tsiku likhale ndi mutu ndi mchira. Dzukani nthawi imodzi, sambani, maola angapo a makalata ndi kuwerenga, kenako tsekani muchite zina. Kukhala pa foni tsiku lonse kudikira imelo sikufulumizitsa yankho, kumangokudyani. Kantchito kena kopezera ndalama podikira si kugwa, ndipo panelo ikadzafunsa kuti miyezi yonseyi munkatani mudzakhala ndi choyankha. Achibale ofunsa tsiku ndi tsiku kuti ntchito yapezeka, ambiri amafunsa mwachikondi kungoti sadziwa kuti funsolo limabaya. Konzeranitu kayankho kamodzi, ndikadafunafuna, ikapezeka mudzakhala oyamba kumva, basi nkusintha nkhani. Ma status a anzanu omwe ayamba ntchito ngati akukupwetekani abiseni kaye, si nsanje, mudzawayamikira mtima ukakhala m'malo.

Koma inu ndinu anamwino, zizindikiro mukuzidziwa. Masabata awiri kapena kuposa mtima uli pansi, tulo osabwera kapena kungogona tsiku lonse, chakudya osachifuna, zomwe munkakonda osakusangalatsaninso, apo si ulova wokha, kaonaneni ndi wachipatala monga momwe mukanamuuzira wodwala wanu. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera musadikire mawa, uzani munthu lero lomwe.

Foni ija ikadzalira

Musangoti inde inde chifukwa cha chisangalalo. Funsani kuti orientation ndi ya nthawi yaitali bwanji, adzakuperekani kwa ndani woti azikuyang'anirani, namwino mmodzi amasamalira odwala angati, ndipo shifiti ya usiku panokha mudzayamba liti. Mafunso amenewa ndi ofunika chifukwa miyezi yoyamba imagwedeza. Marlene Kramer analemba za zimenezi mu 1974, za kudzidzimuka komwe anamwino atsopano amakumana nako akaona kuti za mu wodi zasiyana ndi za m'kalasi, mpaka ena kusiya ntchito. Kudzikayikira kuja kudzabweranso pa shifiti zoyambirira, ndipo njira yake ndi yomweija ya kope, chogwirika lembani mukafunse wamkulu wanu. Kontirakiti muiwerenge yonse musanasaine, makamaka pomwe alemba za maola, nthawi yoyesedwa, ndi ndalama yomwe angakuuzeni kubweza mukachoka msanga. Pomwe simukumva funsani pomwepo, ndipo kopi yanu mutenge.